Shato ya Makolo a Madamu Odile

Ndinachoka kwathu ku Thyolo mwana wanga Takondwa ali mu sitandade folo. Bambo ake anali atamwalira, ndipo ntchito ya m'sitolo imene ndinkagwira ku Luchenza sinkatidyetsa. Ndinamusiya m'manja mwa akulu anga, a Esinati. Ku Chileka mwanayo sanalire. Anangogwira chitenje cha akulu angawo n'kumayang'ana nsapato zanga zatsopano. Ndinamuuza kuti ndikakhala zaka ziwiri zokha.

Ku Leicester ndinafikira ku Belgrave, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya nsalu. Mwini nyumba anali mmwenye wobadwira ku Limbe, ndipo Chichewa ankachiyankhula bwino kuposa ana athu obadwira ku England. M'chipindamo tinali awiri, ine ndi Mai Tembo a ku Chipata. Bedi linali limodzi. Iwo ankagwira shifiti ya usiku, ine ya masana, moti bedilo silinkazizira. Tinkakumana pamasitepe, wina akukwera wina akutsika.

"Mwauka bwanji, a Nyasa?" ankatero.

"Ine ndauka, inu kagoneni."

Ntchito yathu inali ya kheya, kusamala okalamba m'nyumba zawo. Ejensi ikakutuma, umapita. Ndinasambitsa anthu ambiri m'zaka zimenezo. Ena ankandituma ngati mwana, ena ankakana kuti munthu wakuda awakhudze, ena ankandigwira dzanja osafuna kundisiya nthawi yoweruka. Kumudzi ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo a Esinati ankanditumizira zithunzi za nyumba ikukwera, kuyambira pa maziko mpaka malata. Mayi anga anamwalira pasipoti yanga ili ku ofesi, mapepala akukonzedwa. Maliro ndinawaonera pa foni, nditakhala pa benchi ya pamalo odikirira basi.

Patapita zaka zingapo, ejensi inandituma ku Wigston. Anali mabasi awiri kuchokera ku Belgrave. Pakhomo ndinapeza bambo wamtali wa imvi, a Martin, amene ankakhala ku Nottingham.

"Ndikuuziretu, mayi anga ndi ovuta," anatero. "Athamangitsa kale anthu atatu. Ndi Afalansa, ndipo mutu wayamba kuwasokonekera."

Mayi awowo, a Madamu Odile, anali atakhala pampando wa pawindo, msana uli chilili ngati mwana wa sukulu pamaso pa a hedi. Anali ochepa thupi, zala zopindika. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nditawapatsa tiyi anabweza kapu, akuti chogwirira chaloza kolakwika. Ndinaitembenuza osayankha. Kwathu munthu wamkulu sutsutsana naye, ndipo mwina n'chifukwa chake ine sanandithamangitse. Ankanditchula kuti "mafii." A Martin anandiuza kuti ndiye kuti "mwana wanga wamkazi." Pambuyo pake ndinamva kuti kale ankaitananso choncho atsikana antchito. Sindinadziwe kuti kwa ine ankatanthauza chiti.

Nyumba yawo inali yofanana ndi zonse za mumsewumo, yanjerwa zofiira, yogawana khoma ndi oyandikana nawo. Koma pabalaza panali chithunzi cha chinyumba cha miyala chili paphiri, nsanja ziwiri zosongoka, mtsinje ukudutsa m'munsi. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinafunsa ngati linali tchalitchi.

"Tchalitchi!" anakwiya. "Imeneyo ndi shato. Ndi kwathu. Ndinabadwira pawindo lachitatu ilo."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndikamawasambitsa ndi kuwapesa, ankandiuza za shatoyo. Zimene adya dzulo sankazikumbukira, koma makolo awo ankawatchula mmodzimmodzi osaphonya. Woyamba, akuti, anali msilikali amene anabwera kuchokera ku nkhondo ndi diso limodzi. Mfumu inamupatsa phirilo kuti azilondera doko la pamtsinje, ndipo anamanga nsanja imodzi yopanda mawindo, yokhala ndi timipata toponyera mivi basi. Ana ake anawonjezera mpanda, adzukulu anawonjezera nsanja yachiwiri. Itafika nthawi imene Akatolika ndi Apulotesitanti ankaphana, abale awiri a bere limodzi anagawanika. Wamng'ono anazinga shato ya mkulu wake mpaka a m'katimo anadya mahatchi awo.

"Nanga mayi awo anali kuti?" ndinafunsa.

"M'kati momwemo. Anadya nawo mahatchiwo."

Tsiku lina ndinafunsa kuti miyala yonseyo anaikweza paphiri ndani. Anati anthu a m'mudzi wa m'munsi. Banja lililonse linkayenera kugwira masiku ena kwa bwana popanda malipiro, chifukwa linkalima panthaka yake.

"Kwathu timati thangata," ndinatero. "Agogo anga aamuna anaigwira m'minda ya tiyi."

Ndinapitiriza kuwamanga mabatani. Kenako anati denga la kumadzulo linakonzedwa ndi chuma cha shuga wa ku zilumba, kumene mmodzi wa makolo awo anali ndi munda wa nzimbe. Sananene kuti ankadula nzimbezo ndani, ndipo ine sindinafunse. Tonse tinkadziwa. Ndinawaveka masokosi, tinatsikira kukadya.

Nkhani imene ankaibwereza kwambiri inali ya nthawi imene anthu wamba ku France anaukira mafumu awo. Anthu a m'mudzimo anakwera phiri ndi zikwakwa, natentha mapepala onse onena za nthaka. Bwana wa shato anamutengera ku tawuni n'kukamudula mutu. Mkazi wake anathawa ndi khanda, ndipo amene anawabisa anali mayi wina wogaya tirigu, yemwe mwamuna wake anali m'gulu la otentha lija. Khandalo litakula linabwerera, linapeza theka la nyumba lili bwinja, mbuzi zikugona m'chipinda chodyera. Linayambiranso.

"Ife timabwerera, mafii," ankatero. "Nthawi zonse timabwerera."

Za moyo wawo iwo eni sankazikamba msanga. Zinatuluka pang'onopang'ono. Ali kamtsikana, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a ku Germany anadzakhala m'shatomo. Banja lonse analipanikiza m'zipinda ziwiri za pafupi ndi khitchini. Mkulu wa asilikaliwo ankakakamiza bambo awo kudya naye patebulo, ndipo bambowo ankapita poopa kuti akakana, ana awo aona zakuda. Nkhondo itatha, anthu a m'mudzi sanaiwale. Bambo awo akalowa m'tchalitchi, benchi yonse inkasamuka. A Madamu atakula anakumana ndi Mngerezi wina amene ankayendera dzikolo panjinga, mwana wa mwini fakitale ya masokosi ku Leicester. Anakwatiwa naye. Bambo awo sanabwere ku ukwati.

Makolo atamwalira, shato inatsala m'manja mwa iwo ndi mchimwene wawo. Denga linkadontha, nsanja imodzi inang'aluka, ndipo fakitale ya masokosi inali itatsekedwa. Mchimweneyo anatumiza mapepala ogulitsira.

"Ndinasainira patebulo ilo," anatero tsiku lina, akuloza tebulo la kukhitchini limene ndinkasendapo mbatatesi. "Otentha aja analephera, Ajeremani analephera. Ine ndinangotenga cholembera."

Ndinangowasisita paphewa.

M'chaka chachiwiri matenda anakula. Inali nthawi imene Angerezi ankakangana pa wailesi za kutuluka m'gulu la maiko a ku Ulaya, ndipo a Madamu akamva mawu oti France ankadzidzimuka. Chingerezi chinayamba kuwathawa, mawu ena n'kumatuluka m'Chifalansa. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka ankalongedza sutikesi, kuvala chikhoti ndi chipewa, n'kukaima pakhomo.

"Mafii, ndiperekeze kwathu. Mayi akundidikira."

Lamulo la ntchito linali loti chitseko chizikhala chokiya, chifukwa tsiku lina anatulukapo n'kupezeka pamsewu waukulu. Kiyi inkakhala m'thumba langa. Ankagwedeza chogwirira, kundipempha, kunditukwana, kenako kundipemphanso. Ine ndinkaima pambuyo pawo dzanja lili m'thumba, ndikuwanamiza kuti sitima yachoka kale, tipita mawa. Mawa lake zomwezo.

Ndinawafotokozera Mai Tembo Lamlungu lina tikuchokera ku tchalitchi.

"Nanga mwana wawo ali kuti?" anatero. "Muwauze awapititse. Munthu sangafe akulira kwawo galimoto ilipo. Ife ndiye tili kutali, koma France si apa pomwe?"

Ndinalimba mtima n'kuwauza a Martin. Poyamba anakana. Anati malowo anagulidwa ndi kampani, tsopano ndi hotelo yochitirako maukwati, mayi awo akangokhumudwa. Koma tsiku lina anafika nthawi ya sutikesi ija, n'kudzionera okha. Anakhala pamasitepe, manja kumaso. Atadzuka anati ndiapulaye viza, adzalipira okha, chifukwa mayi awo sankalola munthu wina kuwasambitsa.

Viza inatuluka. Ndikuiyang'ana m'pasipoti ndinaganiza kuti ndikuperekeza mayi wa eni kwawo, pamene manda a mayi anga sindinawaone.

Tinayenda pagalimoto ya a Martin, tinawoloka nyanja pa sitima, tinagona panjira. A Madamu anali osangalala ngati mkwatibwi. Ankaimba, ankawerenga zikwangwani mokweza, ankandiphunzitsa maina a mitengo. Tsiku lachiwiri chakumasana tinakhota pakona ina, iwo n'kukuwa. Shato inali apo paphiri, yaikulu kuposa mmene ndinkaganizira, miyala yake yotuwa ngati phulusa.

Pabwalo tinapeza mahema oyera ndi mipando yambirimbiri yomangidwa maliboni. Kunali ukwati mawa lake. Manejala anali mayi waulemu wovala suti yakuda. A Martin anali atamulembera kale kalata, ndipo anatilola theka la ola, bola tisakwere kumwamba kumene kunali alendo. Windo lachitatu lija tinangoliona chapansi. Panali patayanikidwa thawulo la munthu.

A Madamu sanafune wilitcheya. Anandigwira mkono n'kunditsogolera, ndipo sanasochere ngakhale pang'ono. Anadziwa pamene sitepe inali yodyeka, anandichenjeza ndisanaponde. Tinalunjika ku katchalitchi ka banja, kuseri kwa nsanja yakale. M'katimo munali mutadzaza makatoni a matambula ndi matebulo opinda. Manejala anachita manyazi, anasuntha makatoni awiri ndi manja ake. Pansi panaoneka miyala yolembedwa maina.

Ndinawathandiza kugwada. Anayendetsa chala pa zilembo, akutchula aliyense, ena amene ndinkawadziwa ngati abale anga: abale awiri aja, khanda lija, bambo awo, mayi awo. Atafika kumapeto anasisita mwala wosalembedwa, nayankhula ndi manejala m'Chifalansa. Mawu awo anali omveka bwino, opanda chibwibwi chimene ndinazolowera. Manejala anayankha motsitsa, maso ali pansi.

"Akuti chiyani?" ndinanong'oneza a Martin.

"Mayi akuti malo awo ndi amenewa, adzawaike apa. Uyu akuti sizingatheke. Manda anatsekedwa, ndipo eni malo sangalole. Akuti iye ndi wantchito chabe."

Ndinamuyang'ana mayiyo, nayenso anandiyang'ana. Tonse tinali antchito a eni.

Titatuluka pabwalo zinthu zinasokonekera. Amuna ena ankatsitsa zokuzira mawu m'lole, wina n'kuyatsa nyimbo kuti ayese. A Madamu anandisiya mkono, anaimika ndodo yawo m'mwamba, n'kuyamba kuwakalipira. A Martin anati akuwalamula kuti achoke pakhomo pa bambo awo. Amunawo anayang'anana, mmodzi anaseka. Sanaseke mwachipongwe, anangodabwa. Koma a Madamu anamumva. Anaima chilili, ndipo ndinaona madzi akutsika m'miyendo yawo mpaka m'nsapato.

Ndinavula juzi yanga n'kuwamanga m'chiuno ngati chitenje. Manejala anatilozera chimbudzi cha alendo. Munali magalasi khoma lonse ndi maluwa apulasitiki. Ndinagwada, ndinawavula, ndinawapukuta monga ndinkachitira masiku onse. Iwo ankangoyang'ana kudenga.

"Muno mayi ankasokeramo," anatero m'Chingerezi. "Makina awo anali apo pali sinki."

Pochoka sanacheuke. Tinatsika phiri, tinawoloka mlatho. Tili pamsewu waukulu anagwira mpando wa mwana wawo.

"Martin, anthu aja m'nyumba mwa bambo ndi ndani? Ajeremani abweranso?"

A Martin anaimika galimoto m'mbali mwa msewu. Anatuluka, anakaima chotifulatira kwa nthawi yaitali. Ine ndinatsala m'mbuyo ndi mayi awo, ndikuwagwira dzanja. Ulendowo ndinaupempha ndine, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino.

Titabwerera ku Wigston sutikesi sanailongedzenso. Sanapemphenso kupita kulikonse. Nkhani za makolo zinatha. Ndikawafunsa dala za msilikali wa diso limodzi, ankangondiyang'ana. Kudya kunachepa. M'nyengo yozizira anagwa kubafa ine ndisanafike, anathyoka chiuno, ndipo kuchokera ku chipatala anawapititsa ku nyumba yosungira okalamba. Ntchito yanga ya ku Wigston inathera pomwepo. Ejensi inanditumizira uthenga pa foni, ndi adiresi ya munthu wina ku Oadby.

Ndinkapitabe kukawaona ndikapeza mpata. Sankandizindikira. Ulendo womaliza ndinapeza atawameta tsitsi lalifupi kuti lisavute kupesa. Ndinakhala nawo ola lathunthu, ndinawaimbira nyimbo ya ku tchalitchi kwathu, chifukwa za kwawo sindinkazidziwa.

Za imfa yawo ndinamva patapita masabata awiri. A Martin anandiimbira, anapepesa kuti m'chipwirikiti anaiwala kundiuza. Anati thupi analiwotcha, monga amachitira ambiri kumeneko. Anali atalembera kampani ija kupempha kuti akamwaze phulusa m'munda wa shato, koma yankho linali lisanabwere. Phulusalo linali m'kabati kwawo ku Nottingham. Patapita miyezi ndinawafunsanso, anati sanayankhidwebe.

Nditawauza Mai Tembo, anakhala pabedi paja atagwira tsaya.

"Mwana wa mafumu kuthera m'kabati," anatero. "Nanga ife, a Nyasa? Ife adzatiika pati?"

Mawondo anga anali atatha kale. Basi ndinkakwera chogwirira, ndipo kunyamula munthu kuchoka pabedi kunkandiliza. Ndinagwirabe chaka china, kenako ndinamanga katundu. Mai Tembo anandiperekeza kokwerera basi ya ku eyapoti. Anandipatsa mpango wawo, anati kumene ndikupita sukagwira ntchito koma nditenge basi. Iwo anatsala. Ndikumva kuti akadali komweko.

Ku Thyolo nyumba ndinaipeza, yokongola kuposa pazithunzi. Munkakhala a Esinati, amuna awo ndi ana awo. Sindikuwadandaula, ndi amene anaimangitsa, kuyang'anira njerwa iliyonse, ndiponso kundilerera mwana. Anandilandira ndi nthungululu, anaphika nkhuku, anandiyalira m'chipinda cha alendo. Mawa lake anandiperekeza kumanda. Sindikanatha kuloza ndekha pamene mayi anagona.

Takondwa anali atakwatiwa ku Bvumbwe. Anafika tsiku lachitatu, mwana ali kumsana. Ndinamva mawu ake panja akuti, "Amayi, muli m'nyumba?" Ndinadzuka msangamsanga, mawondo akuwawa, koma amene anayankha anali a Esinati, ndipo iye analowa kukhitchini kumene anali. Ndinakhalanso pansi.

Patapita kanthawi anabwera pabalaza. Anali wamtali ngati bambo ake. Anagwada patali pang'ono, anandipatsa moni wa manja awiri, anafunsa za ulendo ndi za kuzizira kwa ku England. Anamasula mwana n'kundipatsa. Mwanayo atandiona analira, iye anamutenganso n'kumutonthoza. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'ndege, koma palibe limene linatuluka. Ndinangoti, "Wakula, Takondwa."

"Zikomo," anatero. Anakonza chitenje chake, anandiyang'ana mwaulemu. "Ndiye mukhala masiku angati?"

Masutikesi anga onse anayi anali m'chipinda cha alendo, ndipo tikiti yobwerera ndinalibe. Ndinayang'ana mwana wanga atagwada pa simenti.

"Ndikhalako ndithu," ndinatero.

Anagwedeza mutu, anadzuka, n'kupita kukathandiza amayi ake kukhitchini.